A Jeke ndi Kachotupa ka pa Mchombo

Anzawo pantchito yosamutsa katundu wa m'nyumba ankawatchula a Jeke, chifukwa cholemera chilichonse ankachilowera pansi ngati jeke wa galimoto. Kabati ikamatsika masitepe, wina amagwira kumtunda, wina kumunsi, ndipo kulemera konse kumatsamira wakumunsiyo. Malo amenewo anali awo chiyambire ntchitoyi. Mlamu wawo, amene ankagwira kumtunda, anawapempha kuti azisinthana mpaka pakamwa panauma.

Kachotupa kanayamba ngati masewera, pa mchombo penipeni. Akatsokomola kapena akanyamula firiji kankatumphuka, akagona chagada kankabwerera kokha. Ndiye a Jeke anatulukira nzeru yawoyawo: kukakankhira mkati ndi chala, kumangapo lamba wachikopa mothinitsa, basi ntchito ipitirire. Madzulo mimba inkafufuma ngati mpira.

Madokotala opanda sukulu sasowa. Mkazi wawo ankati ndi mpweya wa nyemba. Dalaivala wa lole ankalumbira kuti ndi njoka zam'mimba, pomwe mlamu uja ankati ndi mowa wa Loweruka, ngati kuti iyeyo ankamwa tiyi. A Jeke ankaseka nawo limodzi, koma mumtima munali mantha. Ankadziwa kuti bwana akangomva awachotsa kumunsi, ndipo iwo sankadziwa kuti angakhale ndani popanda malo amenewo.

Tsiku lina akutsitsa tebulo lamwala, kachotupa kanatuluka n'kukana kubwerera. Kanauma gwa, kosakhudzika n'komwe. Anakhala pa sitepe thukuta lili kamukamu, kenako anayamba kusanza. Mlamu sanafunse munthu. Anawakweza mu lole momwemo, mipando ya eni nyumba ili kumbuyo, ulendo wa kuchipatala.

Dokotala, mayi wosachedwa ndi mawu, anawafotokozera kuti chotupa cha pa mchombo chokhala ndi kufufuma mimba chimabwera m'njira zingapo. Kwa ena ndi madzi odzaza m'mimba chifukwa cha chiwindi, kwa ena ndi chophuka chamkati chofunika kuchiyeza. Kwa a Jeke, minofu ya pa mchombo inali itatseguka kabowo, thumbo n'kutulukirapo, ndipo tsopano linali litapanikizika moti chakudya ngakhale mpweya sizinkadutsa.

"Bambo, lambayu amangobisa bowo, samalitseka," anatero. "Mukanagona nazo kunyumba, tikanakamba zina."

Anawachita opaleshoni tsiku lomwelo, ndipo anawauza mosapita m'mbali kuti zolemera aziiwale kwa miyezi ingapo, mwinanso mpaka kalekale.

Atachira anabwerera kuntchito. Bwana anawasunga, poti panalibe wina wodziwa kuyeza khomo ndi maso ngati iwo. Nyumba yoyamba inali yosanja, firiji yaikulu ikudikira pamwamba. Miyendo inawatengera yokha kumunsi, koma anapeza mlamu ataima kale pamenepo, atagwira firiji m'mbali, akuyang'ana khoma. A Jeke anamva kuwawa kuposa kwa bala la opaleshoni, ndipo akanatha kumukankha, poti mphamvu anali nazobe.

M'malo mwake anabwerera m'mbuyo n'kukaima pokhotera masitepe.

"Pindani mawondo, mlamu, osati msana," anatero. "Ndikati tiyeni, mutsike sitepe imodzi yokha."

Firiji inatsika bwinobwino, osakanda khoma ngakhale pang'ono, iwo manja ali m'thumba. Anaiyang'ana mpaka italowa mu lole, kenako anafunsa ngati kabati ya kuchipinda yachotsedwa kale magalasi.