Mbendera ya Apongozi

Laisoni anakhala kapitawo wa njanji pakati pa Golomoti ndi Mtakataka kwa zaka zambiri, ndipo onse amene anagwira ntchito m'manja mwake amamukumbukira ndi chinthu chimodzi. Akafuna kukutuma ankakuuza yekha maso ndi maso, kenako n'kukuuza kuti ubwereze zimene wamva. Ena zinkawanyansa, ati akutiyesa ana a sukulu. Komatu khalidweli sanabadwe nalo. Analiphunzira m'dzinja la 1956, ndipo analiphunzira mowawa.

Kwawo kunali kufupi ndi Mua. Atadziwa kulemba ndi kuwerenga pa mishoni, analowa ntchito ya njanji, n'kuyamba ndi piki ngati wina aliyense. Atakwatira Katerina anakamanga kwa mkaziyo, kamudzi ka kuseri kwa Golomoti, ndipo kumeneko mwambo wothawana ndi apongozi unali wouma ngati mwala. Paja amati mkamwini asamakule mwendo. Laisoni anauchepetsadi wake. Akaona apongozi m'njira ankapatukira kutchire, kaya muli chitedze kaya minga. Ankadziwa kuti nyumba, munda ndi ana awo atatu zili pa nthaka ya eni, ndipo tsiku limene adzalakwe adzachoka ndi bulangete lokha.

Tsoka linamupeza pa tsiku lachimwemwe. Atamukweza ukapitawo mu 1952, m'gulu la anthu khumi ndi awiri limene anapatsidwa munali a Kadzuwa, bambo ake a Katerina. Nanga munthu amene sungamuyang'ane kumaso umulamula bwanji? Laisoni anaganiza kuti wachenjera. Anawapatsa ntchito yopepuka yogwira mbendera yofiira yochenjeza sitima, ndipo mawu onse opita kwa iwo ankadzera mwa a Mussa, mkulu wachisilamu wa ku Mtakataka, munthu wa lilime lofewa amene akanatha kukuuza za maliro iwe n'kuthokoza.

Lamulo linkati wa mbendera aziima kutali ndi pogwirira ntchito, mapolo a lamya makumi awiri, poti sitima yolemedwa siima ngati njinga. Koma m'chigawo chawo chimene ankakonza kawirikawiri, a Kadzuwa ankaima pa polo yachisanu, pamene panali mthunzi wa mlambe. Laisoni ankaona, mtima n'kumuwawa, n'kutuma a Mussa. Iwo ankapita, kunjuta, kufunsa za m'mene kwachera ndi za nyamakazi, ndipo mawu a kapitawo ankafika atasungunuka ngati mchere m'madzi: akuti mkamwini wanu, mukapeza mpata, muzisunthirako pang'ono. A Kadzuwa ankagwedeza mutu mwaulemu n'kusuntha mapazi atatu. Anzawo ankaseka chakumbali, ati mbendera ya apongozi imateteza mlambe. Poti oyendetsa sitima ankadziwa kale pamene pali ntchito, zaka zinayi zinatha popanda ngozi.

Ndiye kunabwera mvula ya masiku atatu yochokera kumapiri a Dedza. M'mawa wa tsiku lachinayi gulu linapeza madzi atakokolola dothi lonse pa kalavati, ngalande yodutsa pansi pa njanji, njanji zili lende m'malere, pansi pake dzenje lomeza nyumba. Palibe woyendetsa sitima amene ankadziwa zimenezi. Sitima yochokera ku Balaka, yonyamula anthu ndi katundu, inkayenera kudutsa dzuwa lisanafike pamutu.

Laisoni anagwira a Mussa pamkono n'kuwauza kuti lero si tsiku la masewera, madala apite mapolo makumi awiri, adutse pamene njanji ikukhota, ndipo athamange. Iye anatembenukira kudzenje, kugawa anthu, ena miyala ena mafosholo, wina n'kumuthamangitsa mbali inayo ku siteshoni ya Mtakataka. Atadzutsa mutu patapita nthawi, anaona a Mussa akubwerera mwakachetechete, ndipo kumbuyo kwawo a Kadzuwa ali chilili pa mlambe paja, mbendera ili kukhwapa. Kutsogolo, pamwamba pa mitengo, kunali utsi wakuda wa sitima.

Kutumanso a Mussa kunali kutaya nthawi, ndipo mbendera ina inali itapita ndi wa ku siteshoni uja. Anayang'ana anthu ake, onse maso ali pa iye, palibe wosuntha, poti nkhani ya munthu ndi apongozi ake salowererapo. Anaganiza za Katerina ndi ana, anaganizanso za ana a eni amene anali m'sitimamo. Kenako anataya chipewa n'kuliyatsa liwiro.

A Kadzuwa ataona mkamwini akuwalunjika anayamba kupatuka, monga mwa mwambo, nkhope atatembenuzira kutchire.

"A Kadzuwa, bweretsani mbenderayo! Pamene mwaimapo mupha anthu!"

Linali liwu loyamba kulankhula nawo m'zaka zisanu ndi zinayi, ndipo linayamba ndi dzina lawo, limene mkamwini satchula. Madalawo anauma thupi, dzanja litakanirira pamtengo wa mbendera. Laisoni anaitsomphola. Iwo anapepesuka n'kukhala pansi m'matope, iye osacheuka.

Anathamanga pakati pa njanji, miyala ikumung'amba mapazi, akuwerenga mapolo ndi mpweya wotsala. Pa polo ya khumi ndi zisanu sitima inatulukira pokhota. Anaimika mbendera m'mwamba, akuigwedeza ngati wamisala, n'kudumphira kumbali. Zitsulo zinalira, mabogi anagundana, ndipo chisitima chija chinamudutsa chikukhukhuluzika, mpaka chinakaima patatsala mapazi owerengeka kuti chifike padzenje. Anthu anasuzumira m'mawindo, amayi ali ndi ana m'manja. Chimene ambiri anaona chinali nkhalamba itakhala m'matope, ndipo mwa oonawo munali anthu a ku Golomoti.

Nkhani inafika kumudzi iye asanafike. Za sitima zinanenedwa pang'ono, zambiri zinali zakuti mkamwini watchula apongozi dzina, wawakalipira, wawagwetsa pagulu. Katerina anangomupatsa madzi osamba n'kuchoka. Amalume ake a Katerina, eni mbumba, anatumiza mawu kuti nkhaniyi ikambidwa Lamulungu anthu akabwera ku Misa. Laisoni anakhala masiku atatu chakudya chisakulowa. Anaitana a Mussa kuti adzachitire umboni, koma mumtima anali atamanga kale katundu.

Tsikulo anakhala pansi chapatali, mutu uli pakati pa mawondo. Amalume analankhula nthawi yaitali za ulemu, ndipo zinkaonekeratu kumene mawu awo akulowera. Atapatsidwa mpata, a Kadzuwa sanadandaule za matope. Anangofunsa a Mussa kuti m'mawa uja anatumidwa mawu otani kwenikweni. A Mussa anazungulira, anatchula Mulungu, koma potsiriza anavomera kuti anauzidwa mapolo makumi awiri, ndi kuthamanga. Atafunsidwa ngati linali tsiku loyamba, anayang'ana pansi n'kunena kuti mawuwo akhala omwewo kuyambira 1952, ndipo gulu lonse linkadziwa.

Kenako a Kadzuwa anatembenuka n'kumuyang'ana mkamwini wawo kumaso, koyamba chikwatirire mwana wawo.

"Inenso pamudzi pano ndine mkamwini, mwambo ndikuudziwa," anatero motsitsa mawu. "Koma inu bambo, zaka zinayi mumandiona ndikuima polakwika, anzanga akundiseka, ine n'kumati ndikugwira ntchito. Mukanandikalipira chaka choyamba chija, bwenzi manyazi ake atatha kale. Mlandu wa matope ndilibe nawo. Mwana wanga asasiyidwe chifukwa cha ine."

Nkhani inathera pomwepo. Laisoni sanachotsedwe pamudzi, sanalipitsidwe ngakhale nkhuku. Koma Lolemba a Kadzuwa sanabwere kuntchito, ndipo sanadzapondenso pa njanji mpaka imfa yawo. Akamva sitima ikulira ankalowa m'nyumba. Laisoni ankati akafika pamenepa pofotokoza, ankangonena kuti bola akanamulipiritsa mbuzi khumi.