Nsapato za a Laisoni

Ndikakumbukira a Laisoni, ndimamva fungo la nsapato zonyowa zoyanikidwa pa thandala la agogo anga, pakati pa usipa, ntchentche zikusowa poyambira. Anali aneba athu, ankaperekera zakudya pa hotela ina ku Senga Bay, ndipo mzungu wina pochoka anawasiyira nsapato zothamangira, zoyera, zamizere kunsi. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse, utsi ukungoyamba kutuluka m'makhitchini, tinkamva phaphapha m'njira ya kuseri kwa nyumba yathu.

Agogo aNaphiri, amene anandilera, sankakhulupirira munthu, ngakhale wogulitsa mchere. Tsiku loyamba anatuluka ndi nkhuni m'manja.

"A Laisoni, kwagwanji? Akukuthamangitsani ndani?"

"Palibe, mayi. Ndikukonzekera mpikisano wa ku boma."

"Nanga nsapatozo, mwini wake ali moyo?"

A Laisoni anaseka mpaka kutsokomola. Agogo sanaseke.

Chimene chinawasowetsa mtendere chinali mapazi. Kwathu kumchenga anthu ambiri tinkayenda chabe kapena ndi mapatapata, mapazi n'kumasakanikirana. Koma nsapato zija zinkasiya chidindo chakechake, choti ngakhale mwana akanaloza kuti apa padutsa uje. Ndipo aliyense ankadziwa kuti wofuna kukulodza miyendo amatapa dothi la pamene waponda. Ndiye agogo, osauza munthu, anayamba kumatsatira a Laisoni akadutsa, atawerama ndi kanthambi ka mtengo, kufufuta zidindozo mpaka pa mjigo.

Mpikisano utayandikira, a Laisoni anayamba kutsimphina. Akazi awo, aNasimango, anabwera pakhomo pathu chitenje atamangira m'chiuno, amayi a ku mjigo ali pambuyo ndi zidebe zawo.

"Inu agogo, anthu akuonani! M'mawa uliwonse mumawerama pa mapazi a amuna anga. Dothi mwatapalo mwaliika kuti?"

Ine ndinagwira chitseko mwamphamvu, chifukwa ndinali nditaonapo nyumba ya nkhalamba ina itasanduka phulusa pa mawu ngati omwewa.

"Ndimafufuta, sinditapa," anatero agogo. "Akaitaneni eni phaziwo. Abwere ndi nsapato zawo."

A Laisoni anabwera chamanyazi, n'kukhala pa mtondo wogona. Agogo anati avule, anthu onse akuona. Chikhadabo cha chala chachikulu chinali chitada bii, chikununkha. Agogo anatenga nsapato, anaigundanitsa ndi phazi kunsi kwake, chala n'kutsala panja.

"Mfiti yanu ndi iyi. Mzungu wanuyo anali ndi phazi la mwana wasukulu."

"Ndimati zikula, mayi."

"Zikula? Mumazithirira manyowa?"

Amayi ena anaseka. Agogo anatenga mpeni wotumbulira nsomba, anaboola kutsogolo kwa nsapato zonse ziwiri, a Laisoni atatseka maso ngati akudulidwa zala. Tsiku la mpikisano anathamanga zala zili pamtunda. Sanapambane, koma anamaliza, ndipo anabwera ndi botolo la sobo kudzapatsa agogo. Agogo analinunkhiza kaye.

Ndinkaganiza kuti nkhani yatha. Ayi ndithu. Ku mjigo kunayamba kumveka zoti mayi uja wachotsa yekha zimene anaika yekha, nanga anadziwa bwanji pofunika kuboola? ANasimango sanadzapemphenso moto kwathu. Amayi ankakoka ana awo tikamadutsa, ndipo usipa wa agogo ankagula ndi alendo okha, mpaka tsiku limene tinaika agogowo m'manda.

Lero nanenso ndine gogo. Mdzukulu wanga Tadala amathamanga mipikisano ya mumsewu, ndipo pogula nsapato pa kaunjika ku Salima sindimulola kupita yekha. Timapita masana, phazi litatupa ndi kuyenda. Ndimamuvalitsa zonse ziwiri, ndimakanikiza kutsogolo ndi chala changa, ndipo wogulitsa akangoti "zikula, agogo," timanyamuka.

M'mawa Tadala akamadutsa kuseri kwa nyumba, zidindo zake zimatsala pamchenga mbee, mtima wanga n'kumawawa. Koma sindiwerama. Ndimaima pakhomo chilili, manja onse awiri ali poyera, mpaka mbuzi zitapondapo.