Mabatire a sola ndi mwendo wa mayi anga

Inu owerenga, kupsa mtima kwanga kwadulitsa mayi anga mwendo. Ndikulemba izi kuti wina asadzalire ngati ine.

Ndine namwino, ndimakhala ku Govan kuno ku Glasgow. Amalawi a mumpingo mwathu tinagwirizana zoika magetsi a sola kwathu ku Ntchisi, aja a mapanelo ambiri pamalo amodzi, mawaya n'kumalowa m'nyumba ndi m'magolosale. Ine ndinalimbikira kwambiri chifukwa mayi amadwala shuga, ndipo mankhwala awo obaya amafunika kukhala mufiriji.

Magetsi atayaka tinavina m'tchalitchi. Patapita zaka, achimwene anga anandiimbira ndili m'basi, ndikuweruka nditatheratu. Anati mabatire afooka, dzuwa likangolowa magetsi akumazima, ndipo munthu amene ankakonza magetsiwo anasamuka. Ine pakamwa panga sipachedwa. Ndinawalalatira kuti anthu akumudzi sayamika, ife tikuzizidwa kuno iwo akungodziwa kupempha. Anangoti, "Pepani achemwali, tamva."

Kuyambira pamenepo, ndikafunsa za magetsi ankati ali bwinobwino. Mukudziwa kwathu, munthu wokupatsa sum'dandaulira kawiri. Nanenso yankholo linkandikomera, sindinkafunsitsa.

Chonsecho firiji inkagwira masana okha, kenaka inasiyiratu. M'nyengo yotentha mankhwala aja anatha mphamvu, mayi n'kumabayabe. Shuga anakwera, kabala ka kuphazi kanakana kupola. Mayi analetsa aliyense kundiuza, ati mwana wanga angakhumudwe kuti mphatso yake yafa. Ndinamva ali kale m'chipatala, madokotala atagamula zodula.

Ine amene ndimatsuka mabala a makolo a eni tsiku ndi tsiku, bala la mayi anga sindinalione. Manyazi ndi chisoni zimandidya.

Abale anga okhala kunja kuno, kuika sola si mapeto a ntchito. Mabatire amakalamba, amafuna munthu wowasamalira ndi dongosolo lopezera ena, koma ife tinangoganiza za tsiku lotsegulira. Ndipo wakumudzi akayamba kukuuzani kuti chinthu chawonongeka, khalani chete amalize. Kuti afike poyankhula amakhala atadzikakamiza kwambiri.

Nditapita kumudzi kukaona mayi atadulidwa mwendo, katundu amene ndinatumiza kalekale anafika, ndipo munali nsapato zofewa za mayi. Anazilandira ndi manja awiri, anathokoza, n'kuvala imodzi. Inayo anandipempha kuti ndiwaikire pansi pa bedi.