Bambo wa botolo pa denga la mayi wa mapemphero

M'komboni yonse ya Mtendere, ine ndekha ndi amene ndinatsegulapo nyumba yosungiramo mbiri ya dziko lino. Nyumbayo inali chipinda chimodzi cha lendi kuseri kwa nyumba ya eni, ndipo mbiriyo inali zikwangwani zinayi.

Koleji ndinaisiya chaka chachiwiri. Achibale amati ndinalephera, ine ndimati tinasiyana mwamtendere, aliyense n'kutenga katundu wake. Wanga unali diso lokonda zakale. Zikwangwani ndikunenazi ndi zija za m'masitolo a makolo, zachitsulo chokhuthala, utoto wake wosalala ngati wa mbale zija zimene zikagwa zimangotuluka kachipsera kakuda. Cha sopo ndinachipeza ku Chawama chitafolera khola la nkhuku. Cha tiyi chinali chitseko cha bafa ku Kanyama, ndipo mwini wake anandiyang'ana nthawi yaitali pofuna kumvetsa chimene ndinkasirira pa bafa lake. Cha matayala a njinga wina ankaikapo mbaula. Zitatuzi ndinazikhoma pamwamba pa bedi.

Chachinayi chinali chachikulu: bambo wa tayi akumwetulira, atakweza botolo la mowa umene fakitale yake inatsekedwa ine ndisanabadwe. M'chipinda sichinakwane, ndiye ndinachikhoma panja, pambali pa chitseko.

Apa ndinaiwala chimene aliyense wa m'komboni amadziwa. Kuno palibe amene amaika chikwangwani pakhoma chifukwa choti n'chokongola. Ukalemba za makala, ndiye kuti uli ndi makala. Ukajambula mutu wa munthu, umameta.

Loweruka masana ndinapeza amuna atatu atakhala pa njerwa pakhomo panga. Mmodzi, kondakitala wa minibasi, anaitanitsa mabotolo awiri ozizira. Ndinamufotokozera kuti ichi ndi cholowa cha mtundu wathu. Anagwedeza mutu momvetsa, n'kutsitsa mawu, akuti ngati vuto ndi laisensi ndisaope, iye si wolongolola. Ndikamakana, m'pamenenso ankakhulupirira. Pofika Lachinayi anali asanu ndi mmodzi, ndipo atatopa n'kudikira anayamba kubwera ndi mowa wawo, n'kumamwera pansi pa bambo wa tayi uja.

Lachinayi ndi tsiku limene amayi a tchalitchi amapempherera kwa eni nyumba anga, mayi wamasiye amenenso amatsogolera gululo. Amayi onsewo anadutsa pakati pa mabotolo, Mabaibulo ali kukhwapa. Eni nyumba anadikira mpaka alendo atapita.

"Ba Koleji," anatero, poti ndilo dzina limene anandipatsa, "shabini pa yadi yanga ine? Mwezi ukasila, mufune kwina."

Kwina kumeneko ndinkakudziwa: pansi pa pabalaza pa amalume ku komboni ya George, amene m'mawa uliwonse amafunsa za satifiketi asanapereke moni. Chipinda changachi chinali ndi mpope pa yadi pomwepo, ndiponso chitseko chimene ndinkatseka ndekha. Chikwangwani ndinachichotsa tsiku lomwelo, amuna aja n'kusamuka modandaula, koma chigamulo sichinasinthe. Moni wanga ankayankhidwa ndi mphuno.

Kutatsala masiku ochepa kuti mwezi uthe, mvula yoyamba inagwa. Denga la khitchini ya mayiwo linali litadyedwa ndi dzimbiri, ndipo linkadonthera pomwe amakazingira vitumbuwa vogulitsa. Dontho lililonse likagwera m'mafuta, iwo ankadumpha. Ndinaima pakhomo, manja kumbuyo, n'kunena mwaulemu kuti ndili ndi chitsulo chimene chakhala pa mvula kuyambira nthawi ya atsamunda koma sichinabowokepo. Anabwera kudzachiona. Anachigogoda ndi chala, anachinyamula mbali imodzi, n'kuvomereza kuti zitsulo za masiku ano sizilemera chonchi.

Panatsala nkhani ya chiphunzitso.

"Manje nkhope izayang'ana kuti? Ikayang'ana pansi, nizaphikila pamaso pa chidakwa. Ikayang'ana kumwamba, Mulungu azaona chani pa nyumba yanga?"

Ndinayankha kuti Mulungu bamboyu anamuona kalekale. Ndinawonjezera kuti kugona chagada padenga, dzuwa ndi mvula zili pa iye, botolo lili m'manja koma osalawa ngakhale dontho, ndi chilango chimene ngakhale abusa sangachipeputse. Anaganiza kwa kanthawi, chipande chili m'manja.

"Ayang'ane kumwamba," anatero. "Kapena angalape."

Ndinakwera, ndinakhoma. Kudontha kunatha. Mwezi unathanso, ndipo ine ndinakhala masiku atatu ndikuyenda monyang'ama, chikwama chili chomangamanga pansi pa bedi. Tsiku lachinayi anandiitana n'kundipatsa vitumbuwa viwiri pa pepala. Za kusamuka sanatchule. Anangoti tsiku limene chikwangwani cha sopo chidzatuluke panja, sopo wogulitsa akhalepo.

Ndinamasula chikwama chija pang'onopang'ono, ndikuimba mluzu.

Ndikadali m'chipinda chomwecho. Zikwangwani zitatu zili mkati, ndipo aliyense wofuna kuziona amayamba walonjeza kuti sakufuna tiyi, sopo kapena tayala. Chachinayi amachiona ndi akhwangwala. Nyundo ndinabwereka kwa kondakitala uja, amene mpaka lero amandiphethira diso limodzi tikakumana. Misomali ya malata ndiyo ndinagula ndekha: makwacha makumi awiri.