Osafufuta

Ana asukulu ankawatcha Mayi Dasitala, chifukwa kwa zaka khumi ndi chimodzi ntchito yawo pa sekondale ija inali kusesa makalasi ndi kufufuta mabolodi. Palibe amene anawafunsapo kuti sukulu analekezera pati. Akanafunsidwa, akanayankha kuti anafika Fomu 3, ndipo anali mtsikana yekhayo m'kalasi ya masamu owonjezera, aja ophunzira ana osankhidwa okha, mpaka pamene bambo awo anawatulutsa kuti akalere ana a mkulu wawo.

Chipinda cha masamu owonjezera ankachisesa pomaliza. Mphunzitsi wake, bambo wa tayi wofiira, ankakonda kulemba OSAFUFUTA pamwamba pa bolodi n'kuzunguliza kawiri, ngati akulankhula ndi munthu wodziwa liwu limodzi lokhalo. Mayiwo ankatsamira mopu n'kuwerenga mzere uliwonse mpaka pansi.

Lachitatu lina mwana wawo wamkazi, wa Fomu 4, anawapeza m'chipindamo, maso ali psuu. Anali atapeza malikisi 58 pa mayeso oyeserera, pomwe sukulu inalamula kuti wosafika 60 achotsedwe pa mndandanda wa olemba mayeso omaliza a phunzirolo. Mndandandawo unkatumizidwa Lachisanu.

"Funso lachisanu, amayi. Ine ndapeza mayankho anayi, aphunzitsi ali ndi awiri. Andikhwatcha lonse. Ati masamu owonjezera si kuwonjezera mayankho, kalasi yonse n'kuseka."

Funsolo linali pa bolodi pomwepo, pansi pa OSAFUFUTA. Mayi anatsata ndi chala. Pa mzere wachitatu mphunzitsi anali atagawa mbali zonse ziwiri ndi sin x, osadzifunsa kuti nanga sin x akakhala ziro. Pamenepo m'pamene mayankho awiri, 0 ndi 180, anatayikira. Mwana wawo ankalangidwa chifukwa chosamala pamalo pamene mphunzitsi anathamanga.

Mmawa mwake Mayi anadikira mphunzitsiyo pakhomo la chipindacho, dasitala ali m'thumba la epuloni.

"Pepani aphunzitsi, mzere wachitatuwo. Munthu sagawa ndi chinthu chimene chingakhale ziro."

Mphunzitsi anawayang'ana kuyambira kumpango mpaka kumapazi. "Mayi, inu ntchito yanu ndi fumbi. Kapena choko chakulowani m'mutu?"

"Chalowa kumene, zaka khumi ndi chimodzi. Ikani 180 m'funsomo tione."

Ana anali atayamba kusuzumira m'mawindo. Mphunzitsi anayang'ana bolodi kanthawi, kenaka anatambasula dzanja. "Bweretsani dasitala."

"Mwalemba nokha kuti osafufuta, aphunzitsi. Ine liwu limenelo ndimalimvera."

Phokosolo linaitana ahedi, amene kale ankaphunzitsa sayansi. Anatola choko, naika 180 m'funsomo. Kumanzere kunatuluka ziro, kumanja kunatulukanso ziro. Anaika 0, zinateronso. Anapukuta zala pa thalauza n'kunena kuti nkhani zotere sizikambidwa pamaso pa ana.

Mtsikanayo anabwezeredwa malikisi anayi a funsolo, ndipo Lachisanu dzina lake linapita pa mndandanda. Anzake asanu ndi awiri amene anakopera njira ya mphunzitsi sanachotseredwe kalikonse. Ahedi anati si bwino kusokoneza ana mayeso atayandikira. Mphunzitsi anauza kalasi kuti cholakwacho anachiika dala pofuna kuona amene ali maso. Sanafotokoze chifukwa chimene anakhwatchira yekhayo amene anali masoyo.

Lolemba Mayi Dasitala analandira kalata. Inawathokoza chifukwa cha khama, kenaka inanena kuti polowerera ntchito ya aphunzitsi anadutsa malire a udindo wawo, choncho kuyambira tsikulo azisesa ofesi, khonde ndi zimbudzi, ndipo m'makalasi asalowenso. Anaiwerenga kawiri, nazindikira kuti liwu loti "udindo" linalembedwa "undindo". Sanauze munthu.

Masiku ano, akamakolopa khonde, amachedwa pang'ono pa windo lachitatu, pamene bolodi limaoneka theka lokha. Madzulo mwana wawo akamatsuka mbale, iwo amatsegula kope lake pa tebulo n'kufunsa theka linalo.

"Apa wagawa ndi chiyani, iwe?"

"Ndayamba ndaona kuti si ziro, amayi."

"Lemba kuti waona. Ukangosunga m'mutu, adzati sunaone."