Maginito a m'wailesi yakufa

Mwana wanga woyamba atangoyamba kukwawa, ndinapeza ntchito pa fakitale ina ya mabisiketi ku Ginnery Corner. Mwanayo ndinkamusiya kwa mlamu wanga ku Naperi, n'kuyenda wapansi. Sukulu ndinalekezera panjira, choncho pagulu sindinkakonda kutsegula pakamwa.

Anandiika pa makina opsinja ufa wokanda. Ufawo unkadutsa pakati pa zitsulo ziwiri zozungulira, ndipo kutsogolo kwake kunali chitseko cha waya. Bambo wa zamagetsi anandisonyeza kamaginito kamene kanali pachitsekocho, ndi kabokosi kakuda pambali pake. Anati kabokosiko kamamva maginito. Ukatsegula chitseko, maginito amatalikira, makina n'kuima okha. Ufa ukamatirira, uzitsegula kaye, kenako ulowetse dzanja.

Kapitawo wathu ankadana nacho chitsekocho. Ufa unkamatirira pafupipafupi, ndipo makina akaima iye ankatulukira akutukwana, ati uvuni ukungodya magetsi pachabe.

Zaka zimenezo amayi ankatengedwa pa lole kukaphunzira magule a chipani. Ine ankandisiya chifukwa ndinali woyamwitsa. Sabata ina anzanga ambiri atapita, tinatsala ochepa koma ntchito inali yomweyo. Kapitawo anabwera ndi maginito aakulu amene anagulula m'sipika ya wailesi yakufa. Anawamata ndi tepi pa kabokosi kaja, chitseko n'kuchimangirira pambali ndi chingwe. Makina anangopitiriza kuzungulira ngati patsekedwa.

"Lowetsa dzanja uchotse ufawo, iwe," anatero. "Anzako akupsa ndi dzuwa kubwalo, iwe uli pamthunzi. Ukufunanso chiyani?"

Ndinatola kamtengo kuti ndizikankhira. Anandilanda, ati tizipalapasa tilowa m'mabisiketi. Ndiye ndinalowetsa dzanja. Kachitatu kake zitsulo zinagwira nsonga ya mkono wa malaya n'kuyamba kundikoka, mpaka nsaluyo inang'ambika. Dzanja linapulumuka. Ndinkangoganiza za mmene ndingaberekere mwana ndi dzanja limodzi, mmene ndingamusambitsire, mmene ndingamangire mfundo pachifuwa. Kapitawo anayang'ana malaya anga n'kunena kuti ndikasoke kunyumba.

Nthawi yopuma masana ndinamatula maginito aja n'kuwamanga kunsonga kwa chitenje. Anthu atabwerera, makina anakana kudzuka poti chitseko chinali chotsegula. Kapitawo anazungulira akufunsa aliyense. Ine ndinangowerama. Koma podutsa pafupi ndi tebulo lachitsulo, nsonga ya chitenje inalumpha n'kukakamira kumwendo wa tebulo kuti kha. Amuna a ku uvuni anaseka mpaka kugwirana mapewa.

Kapitawo sanaseke. Anandifunsa khadi la chipani, ngakhale ankadziwa kuti ndili nalo. Anafunsa ngati kuyamwitsa kumaletsadi munthu kuvina. Kenako ananena mokweza, kuti onse amve, kuti woimitsa makina ndi wodana ndi chitukuko. Masiku amenewo mawu otere ankatha kumusowetsa munthu. Kuseka konse kunatha, aliyense n'kuyang'ana kwake.

"Bambo, dzanjali ndi langa," ndinatero. Mawu anga anatuluka ang'onoang'ono, koma anamva.

Tsiku lomwelo ntchito inandithera, maginito aja n'kubwerera pa kabokosi. M'malo mwanga analemba mayi wina wamng'ono wa ku Nsanje, amene tinkapemphera tchalitchi chimodzi. Ndinamuuza za chitseko, iye anati mwamuna wake sali pantchito, achita bwanji. Patapita miyezi ndinakumana naye mu msika wa Limbe, dzanja lamanja atalikulunga m'kansalu. Zala zapakati panalibe. Anandiuza kuti mabwana asanafike pamalopo, kapitawo anali atamatula kale maginito n'kutseka chitseko bwinobwino, ndipo anawauza kuti mayiyo ndi wosasamala.

Mabisiketi amenewo mwana wanga anakula osawalawa. Kapitawoyo ndinadzamuonanso pa maliro ena ku Naperi, atavala jekete, akupereka moni kwa amayi mmodzimmodzi. Atafika pa ine anatambasula dzanja. Langa ndinalisiya m'chitenje mpaka anadutsa.