Mutu wa Chambo ndi Ulemu wa Bambo Anga

Bambo anga anasiya kukhulupirira wailesi tili kothawa nkhondo ku Malawi. Amati inawauza katatu konse kuti nkhondo yatha, iwo n'kumanga katundu katatu konse. Titabwerera kwathu ku nyanja ya Chiuta ankaitsegula pa mpira pokha, ndipo ngakhale zigoli ankazikayikira.

Chaka china cha masankho, mkulu wina wofuna mpando anatizunguza mitu. Wailesi inkati ndi mngelo, mafoni ankati ndi mbava yotheratu. Asodzi a padoko pathu anati adikira mawu a bambo, monga ankachitira nthawi zonse. Ulemu umenewu ndiwo unali chuma chawo chokha, poti bwato analibe, mbuzi analibe.

Muyeso wawo unali umodzi. "Munthu mumpatse mutu wa chambo," ankatero. "Woleza mtima ndi minga adzalezanso mtima ndi amphawi." Zithunzi za m'mitengo ndi pamakamizeta, malaya a kampeni, sankaziyang'ana n'komwe, ati chithunzi ndi wailesi yopanda mabatire.

Tsiku la msonkhano wa mkuluyo ndinakwera shapa, kaminibasi, kuchoka ku Insaca, kumene ndimaphunzitsa, kuti ndikaone ndekha. Galimoto ya kampeni inaima pansi pa mtengo wathu wa mango, ndipo munatsika munthu wojintcha bwino, wa jekete, nsapato zili phuliphuli. Bambo anamugwira dzanja ulendo wa pamkeka, mayi n'kubweretsa mpunga ndi chambo.

Koma ndiye munthu uja anadya! Anayamba wapatula mnofu wa pamimba n'kuikira bambo. Kenako anaugwira mutu uja, kuyamwa maso, kukumba bongo, minga n'kumaisanja m'mphepete mwa mbale. Bambo misozi inalengeza. Asanasambe n'komwe m'manja anaimirira n'kuuza asodzi amene anadzaza pabwalo kuti, "Uyu ndi wathu! Ndamuona ndi maso angawa, osati za m'mawailesi zanuzo."

Mayi anatsokomola. "Inu, taonani kuno." Anatembenuka n'kuwaonetsa kapulana, chitenje cha kampeni chimene anavala. Nkhope inali pamenepo inali ya munthu wowonda, wa mandala. Kenako analoza galimoto ndi mlomo. Mwini nkhopeyo anali momwemo, mawindo otseka, foni kukhutu, akudya bolasha, timabisiketi. Wodya chambo uja anali motorisita wake, woyendetsa galimotoyo.

Phwete limene linaphulika linathawitsa nkhuku. Ine ndinaseka nawo, sindikana. Koma nditaona bambo akufunafuna chipewa chimene chinali kumutu kwawo, mtima unandiwawa. Ndinadziwa kuti mawa padoko palibe adzawafunsenso kanthu.

Kenako bambo anatola mbale ya minga ija n'kuikweza m'mwamba. "Mukuseka chiyani? Mbale inali imodzi, alendo awiri. Wina watsika n'kudya nafe, wina watitsekera windo. Nanga chatsala kuyeza n'chiyani?"

Kuseka kuja kunazilala. Asodzi anatembenukira ku galimoto, ndipo mkulu uja, poona maso ambiri, anakweza dzanja mopatsa moni osatsitsa windo.

Tsiku lovota bambo anachedwa kwambiri m'kachipinda kovoteramo. Anatuluka akung'ung'udza kuti pepala lonse alisanthula koma motorisita palibepo.

Pano maso awo anachita khungu, padoko sapitanso. Koma galimoto ya kampeni ikangodutsa, asodzi amabwera kudzagwada pakhonde pathu, ndipo bambo amawafunsa funso limodzi lokha: "Watsika ndani?"